Kodi mumadziwa? Chilumba chimene mfumu imatseka, ndi mtengo wovula masamba m'dzinja

Kodi mumadziwa kuti pa nyanja ya Malawi pali chilumba chimene chimatsekedwa chaka ndi chaka, koma wotseka wake si boma? Chilumbacho ndi Mbenje, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku gombe la Chikombe m'boma la Salima, ndipo mwini mawu kumeneko ndi Mfumu Yaikulu Makanjira. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira!

Mvula ikayamba mu Disembala, msodzi aliyense amapinda ukonde wake n'kupalasa kubwerera kumtunda. Chilumba chimatsala ndi mbalame zokha mpaka mu Epulo, pamene mfumu ndi akuluakulu amachita mwambo wotsegulira. Utaka umaswana mwamtendere pafupifupi miyezi inayi, kuwirikiza kawiri miyezi ija ya Novembala ndi Disembala imene boma lakhala likuletsa makoka pa nyanjayi.

Nanga malamulo ake mukuwadziwa? Mowa sufikako, chamba sichifikako, juga ndi yoletsedwa, ukonde wa maso ang'onoang'ono saufuna, ndipo amayi amadikirira nsomba ku gombe poti saloledwa kuwolokerako. Wophwanya lamulo amamuthamangitsa pachilumbapo, ndipo zakhala choncho zaka pafupifupi 70.

Za amayizi mutha kutsutsana mpaka dzuwa kulowa, ndipo ine ndingakonde kuti eni ake azikambirana ndithu, poti owamba ndi ogulitsa nsombazo ambiri ndi amayi omwewo. Koma pa nsomba penipenipo palibe mkangano. Akatswiri a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku University of Strathclyde ya ku Scotland atayeza, anapeza utaka wa ku Mbenje uli wonona kuposa wa m'madera oyandikana nawo.

Tatembenukirani kumwera tsopano, ku nyanja ya Malombe m'boma la Mangochi. Chaka cha 1982 asodzi kumeneko anavuula chambo choposa matani 8,000. Patangotha zaka 10, chinali chosakwana ngakhale matani 1,000!

Kugwa kumeneku n'kumene kunabereka makomiti a m'madoko aja timati ma BVC, omwe anayambira ku Malombe komweko mu 1993. Zinaonekeratu kuti mlangizi mmodzi wa nsomba sangalondere doko lililonse usiku ndi usana, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 linatsegula khomo kuti asodzi eni ake azitenga nawo mbali. Apa n'kuti a ku Mbenje atatsogola kale ndi zaka pafupifupi 40.

Munayamba mwatsegulapo kukamwa kwa chambo chogwidwa nthawi yoswana? Chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi tiana take m'kamwa kwa masabata angapo. Ndiye wogwira chambo chimodzi mu Novembala asamati wapha nsomba imodzi, wapha mazanamazana.

Ndipo chumachi si chamasewera ayi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere padziko lonse yoipambana. Mutaphatikiza mitsinje ndi nyanja zonse za ku Ulaya, mitundu yake siifika pamenepo.

Kodi nzeru yotseka madzi kwa kanthawi ndi yathu yokha? Ku Madagascar, mudzi wa asodzi wotchedwa Andavadoaka unagwirizana mu 2004 kusiya kwa miyezi ingapo kugwira octopus, nyama ija ya m'nyanja ya mchere ya miyendo 8, pa malo amodzi. Tsiku lotsegulira anavuula zazikuluzikulu moti midzi yoyandikana inatengera, ndipo kuyambira pamenepo kutseka kotere kwachitika kambirimbiri m'mbali mwa chilumba cha Madagascar.

Kwa nthawi yaitali ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti chinthu cha tonse chimatha msanga, pokhapokha boma lichilande kapena chigulitsidwe kwa munthu mmodzi. Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, anasonkhanitsa umboni wa asodzi, abusa a ziweto ndi alimi a mthirira a m'mayiko osiyanasiyana, n'kuonetsa kuti anthu akadzipangira okha malamulo ndi kumalonderana okha, chinthucho chimakhalitsa. Mu 2009 analandira nazo mphoto ya Nobel ya zachuma, mayi woyamba m'mbiri yonse ya mphotoyo.

Mwa zitsanzo zake munali kamudzi ka m'mapiri a ku Switzerland kotchedwa Törbel. Kumeneko analemba lamulo loti munthu asatumize ku busa la mudzi ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa yekha m'nyengo yozizira. Chaka chake? 1517!

Ku Valencia m'dziko la Spain, alimi a mthirira ali ndi bwalo lawo la milandu ya madzi, limene limakumana Lachinayi lililonse 12 koloko masana pakhomo la tchalitchi chachikulu. Palibe loya, palibe mapepala, mlandu umathera pakamwa monga pa bwalo la amfumu kwathu kuno. Eni ake amati bwalolo lakhalapo zaka pafupifupi 1,000.

Tibwerere kwathu. Kodi mumadziwa kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukira, ndipo kuya kwake n'kwa mamita ochepa chabe? Chonsecho chaka chikakoma, pa nsomba zinayi zilizonse zogwidwa m'Malawi muno imodzi imatha kuchokera m'nyanja imeneyi.

Nyanjayi imaphwa, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995, n'kudzatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Pa kuphwa kwa 1995 mafumu ndi asodzi anagwirizana kulondera maiwe otsalira m'mitsinje yothira m'nyanjayi, kumene matemba ndi milamba zinathawira, n'kuletsa kuthiramo katupe. Madzi atabwerera, mbewu ya nsomba za nyanja yonse inachokera m'timaiwe timeneto.

Mu 1997 Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Ndipo tamvani izi: osaka mbalame a kumeneko, omwe mungaganize kuti ndiwo adani a mbalamezo, ndi amene anapanga magulu n'kupatula malo oti mbalame ziziswana popanda wozitchera. Mitundu ya mbalame zopezeka kumeneko imaposa 150.

Tsopano tikwere kumtunda, kumunda. Mitengo yonse imavala masamba mvula ikagwa, eti? Msangu wokha umachita zosiyana: dzinja likafika umayoyola masamba onse n'kuima mbulanda, ndipo umadzaphukanso anzake akuyamba kufota.

Taganizani phindu lake kwa mlimi. Masamba amagwa nthawi yeniyeni yodzala n'kuwolerana pomwepo, dzuwa limafika pa chimanga popanda chotchinga, kenako m'chilimwe mtengowo umapereka mthunzi ndi nyemba zake zimene mbuzi ndi ng'ombe zimalimbirana. Mtengo umodzi, ntchito zitatu, malipiro ziro.

Za zokolola nanga? Ku Zambia, a Conservation Farming Unit anayerekeza chimanga chosathira feteleza cha pansi pa misangu ndi cha pambali pake m'minda yomweyo. Cha pambali chinapereka matani 1.3 pa hekitala, cha pansi pa msangu matani 4.1.

Alimi a m'mbali mwa nyanja, ku Salima, ku Bwanje ndi ku Mangochi, sanadikire kafukufuku kuti adziwe zimenezi. Makolo awo ankatema mitengo ina potsegula munda koma msangu ankausiya dala. Masiku ano alangizi amati dzalani motalikanitsa mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala.

Kodi chinsinsi cha msangu n'chiyani? Mpweya umene mukupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni, chakudya chomwe chija timagula m'thumba la yureya. Pamwamba pa hekitala imodzi ya munda wanu pali nayitirojeni wolemera matani pafupifupi 78,000, pamene m'thumba la yureya la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 okha!

Vuto n'loti chimanga sichitha kumutapa mumlengalenga. Koma msangu, gilisidiya, nandolo, mtedza, soya, khobwe ndi kalongonda zili ndi timibulu ku mizu, mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso togwira ntchito imeneyi. Zulani mtedza umodzi, finyani kambulu kamodzi: mukaona mofiirira mkati, dziwani kuti feteleza akupangidwa pomwepo.

Nkhani yotsatirayi ine imandisangalatsa kuposa zonse. Ku Niger, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, mabungwe anathera ndalama zambiri kudzala mbande za mitengo, koma mbuzi, chiswe, mphepo ndi dzuwa zinkazimaliza. Tony Rinaudo, mlangizi wa ku Australia amene ankagwira ntchito m'dera la Maradi, anatsala pang'ono kunyamula katundu wake.

Tsiku lina mu 1983 anaimitsa galimoto kuti achepetse mpweya m'matayala poopa kutitimira mumchenga, ndipo maso ake anagwera pa kachitsamba ka m'mbali mwa njira. Atayandikira anazindikira kuti si chitsamba ayi, ndi mtengo weniweni wodulidwa kalekale umene chitsa chake chinali kuphukira. Minda yonse ya dera lija inali yodzaza ndi zitsa zamoyo zoterezi, zimene alimi ankasadza chaka chilichonse pososa.

Njira yake ndi yapafupi moti mwana wa sitandade 5 atha kuiphunzitsa. Pa chitsa chophukira sankhani mphukira zochepa zamphamvu, dulani zotsalazo, tetezani ku moto ndi ziweto, basi. Simufunika nazale, machubu kapena khasu lokumbira dzenje, chida chake ndi chikwanje chimodzi.

Chifukwa chiyani zophukirazi zimapambana mbande? Mbande imayamba ndi kamuzu kotalika ngati chala, pamene chitsa chili kale ndi mizu ya mtengo wamkulu yofika kumadzi akuya. Chaka chimodzi kapena ziwiri, mlimi amayamba kutolapo nkhuni za kukhitchini.

Koma panali mfundo ina imene inkafunika kumasulidwa, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Mwalamulo mitengo inali ya boma, ndiye mlimi ankaona kuti kusunga mtengo m'munda n'kudziitanira mlandu ndi alonda a nkhalango. Zitasintha kuti wosamala mtengo ndiye mwini wake, alimi a ku Niger anabwezeretsa mitengo pafupifupi 200 miliyoni.

Malo ake ndi mahekitala 5 miliyoni. Kuti mumvetse kukula kwake, mtunda wonse wa dziko la Malawi, kuchotsapo nyanja, ndi mahekitala 9.4 miliyoni, ndiye akuposa theka la dziko lathu. Akatswiri amawerengera kuti minda imeneyi imaonjezera matani 500,000 a chakudya pachaka, okwanira anthu 2.5 miliyoni.

Nafenso tili ndi lonjezo lathu, kodi mukulikumbuka? Mu 2016 Malawi analonjeza kubwezeretsa nthaka ndi nkhalango pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Nyengo yathu yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndi yabwino ndithu, koma ine ndikadakonda kuti tsiku lina akuluakulu adzajambulitse akutengulira chitsa cha mtondo, chifukwa chimenecho sichidzafuna wothirira.

Ku Burkina Faso, oyandikana ndi Niger, kunali mkulu wina, Yacouba Sawadogo, amene anansi ake ankamuyesa wamisala pomuona akukumba timaenje pa nthaka youma gwaa m'chilimwe. Ankathiramo manyowa, manyowa n'kuitana chiswe, chiswe n'kuboola timisewu toti madzi a mvula azilowera pansi. Inde, chiswe chomwe chimatigwetsera nkhokwechi, iye anachilemba ganyu!

Pa malo amene panalibe ndi udzu womwe anameretsapo nkhalango ya mahekitala pafupifupi 40, ya mitundu ya mitengo ndi zitsamba yoposa 60. Mu 2018 iye ndi Rinaudo analandira mphoto ya Right Livelihood ku Sweden chaka chimodzimodzi. Mukamva alangizi akunena za ulimi wa m'mayenje ku Balaka kapena ku Chikwawa, dziwani kuti ndi mbumba imodzi ndi timaenje tija.

Kodi nthaka yanu ikuthawa mwaliwiro lanji? Kafukufuku wa bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 Malawi ankataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, kuchoka pa hekitala imodzi yokha.

Chonsecho kuti sentimita imodzi ya dothi la pamwamba ipangike, zimatha kutenga zaka 1,000. Lina mwa dothi lothawalo limakathera mu Shire n'kukadzaza pa Nkula, kumene timapangira magetsi. Munda wa ku Ntcheu ukakokoloka, babu la ku Ndirande limathima nawo.

Mankhwala a kukokoloka kwa nthaka ndi akalozera ndi udzu wa vetiva, koma sagwira pa munda umodzi wokha, chifukwa madzi othamanga kuchokera kwa mnansi wakumtunda sadziwa malire. N'chifukwa chake ntchito imeneyi imayenda bwino mudzi wonse ukanyamula makasu tsiku limodzi, kuyambira pamwamba pa phiri kutsika nalo. Udzuwo mukauona ngati wamba, koma mizu yake imalowa pansi mamita 3 kapena 4.

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito ina ya ulimi inayambira m'chipatala. Ogwira ntchito yosamalira ana onyentchera anaona kuti ana omwewo akubwererabwerera, ndipo atafunsa makolo anamva za nthaka yoguga ndi feteleza wodula. Mu 2000 panabadwa ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, mmene alimi eni ake ndiwo ankayesa mbewu m'minda yawo.

Imodzi mwa njira zimene alimiwo anaikonda ndi kudzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi. Mtedza umakula msanga n'kukumbidwa nandolo akadali wamng'ono, kenako nandolo amatsala yekha n'kumayoyola masamba mpaka m'chilimwe. Munda umodzi, zokolola ziwiri, ndipo chimanga cha chaka chamawa chimapeza chonde chikudikira.

Anazindikiranso kuti kukolola nyemba zambiri si ndiye kuti mwana wadya. Choncho anayambitsa masiku ophikira limodzi, n'kuitana abambo ogwira chikwama ndi agogo aakazi amene mawu awo pa phala la mwana satsutsika. Patapita zaka, sikelo inaonetsa kuti ana a m'midzi yokangalika pa ntchitoyi akukula bwino kuposa kale.

Kaufiti mumamudziwa, ka maluwa ofiira okongola kaja? Kamayamwa chimanga ku mizu kasanatulukire n'komwe kunja, ndipo chomera chimodzi chimatha kubala njere zoposa 50,000 zokhoza kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Koma soya ndi mtedza zimamupusitsa: njere zimamera poyesa pali chimanga, n'kufa ndi njala.

Paja timati chimanga ndi moyo. Kodi mumadziwa kuti chimangachi ndi mlendo wochokera ku Mexico, amene anafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi chaka cha 1500 chitadutsa? Makolo athu anakhala zaka mazanamazana akudya nsima ya mapira ndi mawere, mbewu zimene mpaka lero zimapirira ng'amba kuposa mlendoyo.

Ndiwo nazo tili nazo zosafuna kugula mbewu: bonongwe, chisoso, luni, denje. Agogo ankafutsa nkhwani ndi khwanya n'kumanga m'chikwatu, kuti mu Okutobala dimba litauma pakhale potola. Malambe amene ana amangobwira posewera ali ndi vitamini C wochuluka kangapo kuposa lalanje, ndipo mayiko a ku Ulaya anavomereza ufa wake kulowa m'misika yawo mu 2008.

Mbatata yofiira mkati ija ena amaiderera kuti ndi ya ana. Ndi ya ana ndithu: kachidutswa ka magalamu 125 okha kamapatsa mwana wamng'ono vitamini A wokwanira tsiku lonse. Mayina ake okha amakuitanirani kumunda: Zondeni, Chipika, Kaphulira, Mathuthu, Anaakwanire, Kadyaubwerere.

Mbewu yake imayenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, mtolo wa kholowa kwa mnansi, mnansi kwa mlamu wake. Mu 2016 mphoto ya World Food Prize inapita kwa akatswiri anayi, atatu mwa iwo chifukwa cha mbatata yomweyi. Pakati pawo panali Maria Andrade wogwira ntchito ku Mozambique ndi Robert Mwanga wa ku Uganda.

Kukolola n'kwina, kusunga n'kwina. Nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi nsungwi za nkhokwe zomwe si wakuno, anachokera ku Central America n'kutulukira ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Alimi a kumeneko ataona mmene amaperera chimanga anamupatsa dzina la lole: Scania!

Mdani wake ndi thumba la PICS, lopangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University poyamba pofuna kusungira khobwe. Lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo mukamanga bwino anankafumbwe amamaliza okha mpweya n'kufa. Mankhwala othira: ngakhale supuni imodzi.

Nanga banki mkhonde inachokera kuti? Ku Niger komwe kuja! Bungwe la CARE linayamba ndi timagulu ta amayi a kumidzi mu 1991, popanda kuwapatsa ngongole ya kunja ngakhale tambala, ndipo lero njirayi ili m'mayiko ambirimbiri.

Nzeru yake yagona pa bokosi la maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosi limagona kwa wachinayi, ndipo silitsegulidwa pokhapokha gulu lonse likuona. Mlimi amene akanagulitsa chimanga chake motchipa mu Meyi kuti alipire fizi amakongola kugulu, n'kusunga thumba lake mpaka Januwale pamene mtengo umatha kuwirikiza kawiri.

Mbuzi zopatsirana nazo zimayenda pa chikhulupiriro chomwecho. Banja limalandira mbuzi, zikaswa limapereka ana kwa banja lotsatira pa mndandanda, komiti ya mudzi ikuyang'anira. Bere la mbuzi ndi miyezi 5 yokha, ndiye mzere umayenda msanga.

Tilowe m'nkhalango. Mukamva za nkhalango ya mudzi mumayesa ndi nzeru ya mabungwe a masiku ano? M'dziko muno ndondomeko yopatula nkhalango zoyang'aniridwa ndi nyakwawa inayamba mu 1926.

Koma nkhalango yotetezeka koposa pamudzi uliwonse ilibe chikwangwani, ilibe waya, ilibe mlonda wa yunifolomu. Yang'anani pamene patsala mitengo yachilengedwe italiitali pakati pa minda yoyera mbee, mupeza kuti ndi kumanda. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona yasungidwa ndi mwambo wokha kwa zaka mazana angapo.

Kumene mwambo ndi umwini zatha, zinthu zimavuta. Mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo uvuni wa dothi umameza makilogalamu 5 a mtengo kapena kuposerapo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Mbaula ya Chitetezo, youmbidwa ndi magulu a amayi ndi dongo la kudambo, imapulumutsa pafupifupi mtolo umodzi pa mitolo itatu iliyonse.

Ku Dzalanyama zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali a nkhondo kukalondera mitengo. Chifukwa chake n'chomveka, poti mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko. Mipope ya anthu pafupifupi 1 miliyoni a mu likulu imadalira nkhalango imene ambiri a iwo sanaipondemo.

Okonda bowa, iyi ndi yanu. Ndelema ndi manyame sizimera paliponse, zimakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo ya miombo ndi masuku, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amazilima m'shedi. Wodula mitengoyo amagulitsa makala kamodzi, koma ndiwo za dzinja lililonse zimapita nawo.

Ndipo bowa wodyedwa wamkulu koposa padziko lonse amamera pa chulu kwa anansi athu ku Zambia, kumene amamutcha chikolowa. Chipewa chake chimatha kutambalala mpaka mita yathunthu. Anthu akumudzi ankamudya kuyambira kale, koma asayansi anadzamulemba m'mabuku awo mu 1980.

Kodi mumadziwa kuti njovu, chinyama cha matani 6, imaopa njuchi? Ku Kenya, Lucy King wa bungwe la Save the Elephants anayesa mpanda wa ming'oma yolumikizidwa ndi waya kuzungulira minda, woti njovu ikaukhudza ming'oma yonse igwedezeke. Pa njovu 10 zobwera kudzadya mbewu, 8 zinkabwerera, mlimi n'kutsala ndi chimanga chake ndi uchi pamwamba.

Ku Kasungu, m'zaka za m'ma 1990, anthu ozungulira paki analoledwa kupachika ming'oma ndi kutola matondo m'kati mwa pakiyo. Munthu amene ali ndi mng'oma m'tchire sayatsa moto wolusa, ndipo salola mnzake kuyatsa. Matondo oumawo musawapeputse: pafupifupi theka la kulemera kwake ndi chakudya chomanga thupi.

Ku chigwa cha Luangwa ku Zambia, bungwe la COMACO limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 linafunsa funso losavuta: munthu amatcheranji msampha? Yankho linali njala, ndiye anapangana ndi osaka nyama kuti apereke mfuti ndi mawaya awo, aphunzire ulimi ndi kuweta njuchi, bungwe lizigula zokolola zawo pa mtengo wabwino. Misampha yoperekedwa inafika masauzande ambirimbiri.

Mukadzaona chiponde, mpunga kapena uchi wolembedwa It's Wild! m'sitolo ku Chipata kapena ku Lusaka, ndi wa alimi amenewa. Mudzi wosunga pangano umalandira kena kake pamwamba pa mtengo wa mbewu, choncho aliyense amakhala mlonda wa mnzake. Alimi olowa nawo anaposa 200,000.

Nanga mtengo wa fuko lathu mumaudziwa? Ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo thabwa lake lonunkhira chiswe sichilifuna. Akatswiri atayendera phirilo mu 2017 kuwerenga mikungudza ikuluikulu yotsala, anapeza 7.

Midzi ya m'tsinde mwa phiri, mothandizana ndi a zankhalango ndi Mulanje Mountain Conservation Trust, inatsegula manazale, n'kumagulitsa mbande ndi kuzisenza pamutu kukwera nazo kumene galimoto sifika. Mbande zodzalidwa zinaposa 500,000. Tawerengerani nokha: pa mtengo uliwonse mwa 7 ija, mbande zoposa 70,000!